Loweruka: kuchotsa penti yakale pa tiasilikali ta chitsulo

Ndadzuka lero kukadali kachisisira, ndipo ndisanamwe ndi tiyi yemwe ndinapita kukasuzumira botolo limene ndinaviikamo tiasilikali tanga Lachinayi madzulo. Tilipo 24, tonse ta chitsulo, kalikonse kotalika pafupifupi mamilimita 28, ndipo ndinatigula mwezi watha pamsika wa zinthu zakale kuno ku Nottingham, ku England. Mzinda uno ndi kwawo kwa tizidole totere, pakuti likulu la Games Workshop, kampani yaikulu yopanga tizidoleti, lili ku Lenton mumzinda momwemuno ndipo makampani ena ang'onoang'ono oumba tiasilikali ali m'dera lomweli, choncho si zachilendo kupeza kabokosi ka tiasilikali pakati pa mapoto ndi nsapato zakaunjika. Koma iti tinanditenga mtima chifukwa ndi asilikali a King's African Rifles, gulu limene linakhazikitsidwa mu 1902, limene mabataliyoni ake awiri oyamba anali a ku Nyasaland, ndiponso limene chipilala chake chachikumbutso chikadali chiimire ku Zomba.

Amene anali mwini wake anatipaka penti yonyezimira ya enamel, anaipaka mokhuthala kawiri kapena katatu, kenako anathira vanishi pamwamba, moti nkhope zonse zinali zosalala ngati miyala ya mumtsinje. Zisoti anazipaka zofiira, pamene za asilikali a ku Nyasaland zinali zakuda. Ndikanatha kungopaka penti yatsopano pamwamba pa yakaleyo, monga ena amachitira, koma kutero n'kukwiriratu zimene woumba anajambula ndi dzanja lake, ndipo ine chimene ndikufuna n'chakuti nkhope za anthu amenewa zionekenso.

Mankhwala amene ndinaviikamo ndi Dettol wamba, wofiirira uja amene amayera akasakanizidwa ndi madzi. Muli mafuta a mtengo wa paini ndi isopropyl alcohol, ndipo zimenezi zimalowerera mu penti pang'onopang'ono mpaka imafewa n'kuyamba kutukusira. Nditatsegula botolo ndinapeza kuti mankhwalawo ada bii, ndipo penti ya pa tiasilikali tambiri inali itachita makwinya ngati khungu la munthu amene wakhalitsa m'madzi. Ndinayala nyuzipepala patebulo la kukhitchini, ndinavala magolovesi, chifukwa mankhwalawa amaumitsa ndi kusupula khungu la m'manja ukawagwira nthawi yaitali, ndipo ndinatenga mswachi wakale ndi timitengo totokosera m'mano.

Pa kamsilikali koyamba ndinalakwitsa. Nditangokatsuka pang'ono ndi mswachi ndinakatengera pampopi kuti ndione pamene ndafika, ndipo madzi atangokakhudza, penti yofewa ija inasanduka ulimbo weniweni, n'kukakamira pa chitsulo, pa mswachi ndi pa magolovesi omwe. Ndinayesa kuipukuta ndi kansalu koma inkangotambasuka. Sindikanachitira mwina koma kukabwezera m'botolo ndi kutaya mswachiwo. Njira yoyenera, imene ndinaitsatira pa totsala tonse, ndi kutsukira m'mbale momwe muli Dettol, kumapukutira mswachi pa nyuzipepala pafupipafupi, ndipo penti ikachoka yonse, kupaka sopo wamadzi wotsukira mbale wopanda dontho la madzi, kupukusa bwinobwino, ndipo pokhapo n'kutsukuluza ndi madzi ofunda.

Cha m'ma 10 koloko mayi a kunyumba analowa n'kunena kuti, "Bambo, nyumba yonse ikununkha ngati kuchipatala. Tatsegulani mazenera, kapena mupite nazo panja zimenezi." Ananena zoona, ndipo ndinasamutsira tebulo laling'ono kuseri kwa nyumba, kumene ndinagwirira ntchito yotsalayo ngakhale kuti kunja kunali kozizira.

Kamsilikali kachisanu ndi chiwiri kanali ka sajeni, ndipo ndi pamene ndinakhalitsa kwambiri. Penti ya pamsana inachoka yonse pamodzi ngati chikopa, koma ya kumaso inali itadzaza m'maenje a maso ndi pansi pa mphuno. Ndinasongola kamtengo kotokosera m'mano, ndinatenga galasi lokuza zinthu, n'kuyamba kutokosa pang'onopang'ono kuyambira pachibwano kukwera m'mwamba. Poyamba panaoneka milomo, yotseguka pang'ono ngati ya munthu amene akulamula anzake. Kenako panaoneka makwinya awiri pachipumi, zikope, ndi khutu limene poyamba silinkaoneka n'komwe. Pamkono panatuluka mizere itatu ya usajeni, ndipo pa lamba panaoneka tizikwama ta zipolopolo, kalikonse ndi batani lake laling'ono kuposa njere ya mapira. Zonsezi zinalipo nthawi yonseyi pansi pa penti, zosawonongeka ngakhale pang'ono. Ndinatha pafupifupi mphindi 40 pa kamsilikali kamodzi kameneka, ndipo sindikuona kuti nthawiyo inapita pachabe.

Singano sindinaigwiritse ntchito, ndipo burashi ya waya sindinaiyandikize n'komwe. Chitsulo cha tiasilikaliti n'cholemera, n'chotuwa mopanda kuwala, ndipo mipeni ya kumfuti imapindika ukangoikankha ndi chala, zomwe ndi zizindikiro za chitsulo chosakaniza ndi mtovu. Makampani akuluakulu angapo anasiya mtovu m'zaka za m'ma 1990 n'kuyamba kugwiritsa ntchito chitsulo cholimbirapo chokhala ndi tini wambiri, koma tiasilikali ta mtovu tikadali tambiri m'manja mwa anthu. Mtovu ndi wofewa, moti waya ukhoza kufafaniza mphuno kapena zala pa kamphindi kochepa, ndiponso fumbi lake ndi loopsa m'thupi, makamaka kwa ana. N'chifukwa chake mwana wanga atabwera n'kufunsa kuti, "Adadi, ndikuthandizeni?" ndinamuuza kuti aziyang'ana chapatali, ndipo ntchito yake idzakhala kusankha mitundu ya penti tsiku lopaka likafika.

Masana ndinatsala ndi tisanu timene penti yake inakana kufewa. Pa timeneti ndinagwiritsa ntchito acetone, amene amapezekanso m'mankhwala ena ochotsera penti ya m'zikhadabo. Chitsulo sachiwononga, koma pulasitiki amaisungunula, choncho ndinayamba ndamatula timapazi ta pulasitiki timene tiasilikalito tinaimapo, kenako ndinatiika m'botolo lagalasi la chivundikiro chachitsulo, panja, kutali ndi moto uliwonse chifukwa acetone sachedwa kuyaka. Patangotha theka la ola penti inali itayamba kuyandama. Acetone amasungunulanso guluu, ndipo nditatulutsa kamsilikali koimba lipenga, mkono wake unatsala m'botolo. Nditayang'anitsitsa ndinapeza kuti paphewa panali kabowo ndi kawaya kakang'ono kamene mwini wake wakale analumikizira mkonowo utathyoka. Anabowola molunjika bwino kwambiri, ndipo ndinamupatsa ulemu munthu ameneyu ngakhale sindikumudziwa, pakuti ngakhale penti inkamuchulukira, tiasilikali take ankatisamala. Kawayako ndakasunga, ndipo ndidzakabwezera pamalo pake.

Kamodzi kandidetsa nkhawa. Penti itachoka, kumiyendo kwake kunaoneka ufa woyera, ndipo chitsulo cha pamenepo chinali chokumbikakumbika. Umenewu ndi mtovu umene wayamba kudyeka, ndipo zimachitika ukakhala nthawi yaitali pamalo a chinyezi pamene pali nthunzi ya asidi, monga imene imatuluka m'matabwa a oak ndi m'makatoni ena. Pa chifukwa chomwechi viniga si woyenera kutsukira tiasilikali ta mtovu, ngakhale ena amamutchula ngati mankhwala otsukira chilichonse. Ndinachotsa ufawo kamsilikaliko kali konyowa kuti fumbi lisauluke, ndinakaumitsa, n'kukaika m'kathumba kakekake. Phazi lamanzere ladyeka ndithu, ndipo lidzafunika kuumbidwanso ndi phala loumbira lotchedwa Milliput ndisanapake chilichonse.

Pofika 4 koloko dzuwa linali litapendeka ndipo zala zinali zitauma ndi kuzizira. Dettol wotsala ndinamusefa ndi kansalu n'kumubwezera m'botolo, chifukwa akhoza kugwiranso ntchito ngakhale wada, ndipo nsenga za penti ndi nyuzipepala zonse ndazimanga m'thumba kuti ndikazisiye kumalo a khonsolo olandirira zinyalala zoopsa, osati kuzithira musinki. Manja ndinasamba kawiri ndi sopo ndisanakhudze chakudya.

Pamene ndikulemba pano, tiasilikali 20 tili pamzere pa pepala pafupi ndi zenera, totuwa komanso toyera bwino, ndipo tigona pamenepo usiku wonse kuti madzi a m'mipata aumiretu, pakuti penti yoyambira sigwira pa chitsulo chonyowa kapena chamafuta. Titatu tabwerera m'botolo, kuphatikizapo koyamba kaja, ndipo kodwala mwendo kali pakokha. Mawa tikabwera kutchalitchi ndiwongola mipeni yopindika ndi kulumikiza mkono wa woimba lipenga, ndipo kukacha bwino popanda mvula ndipopera penti yoyambira, kuyambira pa sajeni.