Lachinayi, pansi pa nsanja ya wotchi

Lero ndadzuka mbandakucha chifukwa amalume anandiuza dzulo kuti ndiwaperekeze ku Mangochi Boma kukatapa penshoni. Ndinawapeza pakhonde akupolisha nsapato. Nsapatozo ndi zakalekale, chidendene chinadyeka mbali imodzi, koma amalume amapaka polishi ndi chala, n'kudonthezapo timadzi, kenako kupukuta ndi kansanza mozunguliza mpaka nkhope yako uyione. Chipumireni usilikali sanatulukepo pakhomo nsapato zili mbuu. Ndinakhala pa mpando n'kudikira.

Tinakwera kabaza. Ku banki mzere unali wautali, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, ndipo pomwe timatuluka n'kuti nthawi itapitirira 11 koloko. Amalume anati tikapume kaye pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, pomwe pali nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria. Pamenepo ndi pomwe tinakumana ndi anzawo ena amene anagwirapo ntchito kwa asilikali apamadzi ku Monkey Bay. Anagwirana chanza kwa nthawi yaitali osasiyana, maso ali gwa! poyang'anana. Ine ndinapita kukagula madzi ozizira ndi chinangwa chokazinga.

Pobwera ndinawapeza ataima pa mfuti yaikulu ija ili pambali pa nsanja. Ndadutsapo kosawerengeka, koma lero ndi pomwe ndinamva bwino mbiri yake. Anzawowo anandifotokozera kuti inachokera mu sitima ya Angerezi yotchedwa Gwendolen, yomwe mu Ogasiti 1914 inawombera sitima ya Majeremani, Hermann von Wissmann, ku gombe la tsidya lija la nyanja yathu, tauni ino ikutchedwabe Fort Johnston. Ankalankhula akusisita chitsulocho ngati ng'ombe ya m'khola mwawo.

Sindikudziwa kuti nkhani inakhota bwanji, koma amalume anangoti, "Achimwene, Dalo wanga uja akufuna kulowa usilikali." Dalo ndi msuweni wanga, chitsiriza wawo, amene wakhoza MSCE chaka chatha. Onse awiri anakhala chete. Kenako amalume anayamba kulankhula zinthu zimene ine, mphwawo amene ndakulira m'manja mwawo, ndinali ndisanamvepo.

Anati iwo analowa usilikali atasiyira sukulu Fomu 2, fizi itasowa. Anaphunzira ku Salima, ndipo pomwe boma linatumiza asilikali ku Mozambique mu 1987 kukalondera njanji ya ku Nacala kuti zigawenga za RENAMO zisamaiphwasule, iwo anali m'gululo. Ndimayembekezera kuti anena za mabomba okwirira kapena za anzawo amene sanabwerere. Ayi. Ananena za mwana wawo woyamba, amene anabadwa iwo ali kutchire. Pobwera patchuthi anamugulira kadiresi kofiira, koma mwanayo atawaona anathawira kumsana kwa amake akulira, akuti kwabwera alendo. "Mpaka lero, mphwanga," anatero akuyang'ana ine, "mwana uja akakhala ndi vuto amaimbira amake. Ine amangondipatsa moni waulemu." Mawuwa anandilasa, chifukwa ndimawadziwa bwino achemwali amenewo, ndipo n'zoona.

China chimene chimawadya mtima ndi kosi. Akuti kawiri konse anawasankha kuti akaphunzire umakaniko wa magalimoto, iwo n'kukana. Unyamata unkawauza kuti msilikali weniweni ndi wa mfuti, osati wa sipanala. Atapuma anapatsidwa ndalama zochuluka kamodzi n'kamodzi, anagula boti, injini ndi chilimira, chikhalirecho usodzi sankaudziwa. Anyamata a pa boti ankagulitsa usipa panyanja pomwepo n'kubwera kumtunda manja lendee. Zaka zitatu zisanathe injini inali itagulitsidwa. Anzawo amene anavomera sipanala lero ali ndi magalaja.

Anzawo aja anapukusa mutu. Iwo chisoni chawo n'chosiyana. Anati anasiya ntchito pakatikati chifukwa cha mtima wapachala, atayambana ndi wamkulu wina pa nkhani imene lero sangaikumbukenso bwinobwino. Anatsika ku Joni monga achitira anyamata ambiri a kuno ku Mangochi, anakhala mlonda wa pa geti zaka zambiri ku Johannesburg, n'kubwerako ndi chikwama chimodzi ndi bondo lotupa. "Inu achimwene mwatuluka mu banki," anatero. "Ine ndimangodutsa panja." Sanali kudandaula mopempha, ankangonena mmene zilili. Ndinaona amalume akupinda kandalama n'kuwaponyera m'thumba la shati mwakachetechete, onse awiri akuyang'ana ku mtsinje wa Shire.

Pali chinthu chimodzi chimene onse sanachinong'onezere bondo. Atatchula Disembala 1993, Operation Bwezani, pomwe asilikali analanda zida apayoniya, misana yawo inawongoka. Amalume anati tsiku limenelo anthu ankawaimbira m'manja m'misewu, ndipo kwa nthawi yoyamba anamva kuti yunifolomu ija ndi ya anthu. Ine ndimakhulupirira kuti amanena zoona, chifukwa patangopita miyezi isanu, mu Meyi 1994, Amalawi anavota pa chisankho cha zipani zambiri opanda mantha a zibonga.

Koma za Dalo nkhani sinathe. Anzawo aja anati mwana asiyeni apite, ntchito zili kuti masiku ano? Amalume anayankha motsitsa mawu. Anati kuno kwathu mawu akuti Beni ndi gule, uja amavina anyamata atavala ngati asilikali, wochokera kwa makolo amene anabwera ku nkhondo za azungu. Koma kuyambira Novembala 2018, pomwe asilikali athu asanu ndi mmodzi anaphedwa pafupi ndi tauni ya Beni ku Congo ali pa ntchito yosungitsa mtendere, iwo akamva ng'oma za Beni amaona mabokosi okutidwa ndi mbendera. Ndinalephera kumeza chinangwa chimene chinali m'kamwa.

Tinafika kunyumba dzuwa litapendeka. Dalo anali atakhala pa njerwa, envelopu ya makalata ake ili pamwendo. Amalume anamuitana n'kumuuza kuti sakumuletsa, koma alonjeze zinthu ziwiri: kosi iliyonse ya ntchito yamanja asadzaikane, ndipo akadzakwatira, tsiku lililonse la tchuthi lidzathere pakhomo. Dalo anagwada n'kuvomera.

Akazi awo a amalume anali pa mphasa akusadzula usipa wa ndiwo zamadzulo, ndipo nthawi yonseyi sanadzutse mutu. Amalume atamaliza, iwo anayankhula manja akugwirabe ntchito. Anati abambo anena zawo, koma palibe amene wafunsa munthu amene ankagona ndi wailesi kumutu zaka zonse za ku Nacala, kumvetsera ngati atchule dzina. Anati tsopano akalamba, ndipo wailesi ija ayambirenso kuigulira mabatire.

Palibe anayankha. Dalo anatenga lichero la usipa n'kukhala pansi pafupi ndi amake.