Mvula, miyala ndi bwemba: zimene ndikuphunzira za Tamil Nadu ndi Kerala

Ndakhala ndikuwerenga za zigawo ziwiri za kummwera kwa India, Tamil Nadu ndi Kerala, pokonzekera ulendo umene ndikufuna kudzayenda m'thumba mukadzalola. Mayina a akachisi ndi mafumu ndi ambiri, ndipo kuwaloweza okha sikuthandiza, amangothawa m'mutu. Chimene chawagwirizanitsa m'kope langa ndi mapu a mvula.

Pakati pa zigawo ziwirizi padutsa mapiri otchedwa Western Ghats. Mu Juni mphepo yochokera kunyanja ya Arabia imagunda mapiriwa n'kukhuthulira madzi ake ku Kerala, kumene kumagwa mvula pafupifupi mamilimita 3,000 pachaka. Tamil Nadu ali kuseri kwa mapiri. Iye amalandira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mvula imeneyo, ndipo yambiri imabwera mochedwa, kuyambira Okutobala mpaka Disembala. Anthu a mbali ziwirizi ndi pachibale, chilankhulo cha Malayalam chinaphuka pa tsinde limodzi ndi Tamil, koma wina anakulira m'madzi, wina padzuwa. Kamangidwe ndi kaphikidwe kawo kanatsatira zimenezo.

Kumene ndakhalitsa kwambiri ndi ku Thanjavur, mzinda wa ku Tamil Nadu, pa kachisi wa Brihadisvara amene mfumu Rajaraja I ya ufumu wa Chola inamaliza m'chaka cha 1010. Nsanja yake yapakati imapitirira mamita 60, yonse ya mwala wolimba wa granite, chonsecho mzindawu uli m'chigwa cha mtsinje wa Kaveri, dothi la mpunga lokhalokha, moti miyalayo inachita kututidwa kutali. Ojambula zithunzi amathamangira nsanjayo. Ine chandigwira mtima ndi zolembedwa zimene zinagobedwa m'munsi mwa makoma. Mfumu inalamula kuti mphatso zonse zilembedwe pamwala, ndiye muli mayina a akazi ovina pafupifupi 400, nyumba zimene anapatsidwa ndi malipiro awo a mpunga. Muli oimba ng'oma, alonda, owerengera chuma, osoka ndi ochapa zovala. Muli nkhosa ndi ng'ombe zimene zinaperekedwa kwa abusa, pa pangano loti azibweretsa mafuta a mkaka oyatsira nyale za m'kachisi tsiku ndi tsiku. Munthu ukamawerenga zimenezi umaona kuti kachisi uja analinso bwana wolemba ntchito, nkhokwe ya mpunga, ngakhalenso wobwereketsa ndalama kwa midzi yozungulira. Ndipo zonsezi zinatheka chifukwa cha ulimi wothirira. Damu lakale la Kallanai pa Kaveri linalipo kale zaka mazana ambiri Rajaraja asanabadwe, likugawira madzi m'minda ya dziko louma limeneli.

Ku Madurai kamangidwe kanatembenuka. Pa kachisi wa Meenakshi, amene maonekedwe ake a lero ndi a mafumu a Nayak a m'zaka za m'ma 1500 ndi 1600, nsanja zazitali zili pazipata, zodzaza ndi zifanizo zopakidwa utoto, pamene chipinda chopatulika chapakati n'chachifupi. Nsanja zotere amazitcha gopuram, ndipo pali 14.

Mukawoloka mapiri kulowa ku Kerala, nsanja zimazimiririka. Kachisi wa Vadakkunnathan ku Thrissur ndi wachifupi, wa matabwa ndi mwala wofiira wofewa umene amachita kudula pansi ngati njerwa, denga lake lopendekeka kwambiri, lofoleredwa ndi matailosi kapena mkuwa, nsonga zake zotsika kuti madzi asafike pakhoma. Wofika ndi maso a ku Thanjavur akhoza kunyoza, ati kanyumba chabe. Ine ndikuona kuti ndi nzeru ya mmisiri amene ankadziwa kuti miyezi inayi yathunthu madzi adzakhala akutsika osapuma. M'bwalo la akachisi ena otere muli nyumba ya masewero, koothambalam, mmene amachitira sewero lakale la Kutiyattam, limene UNESCO inalizindikira mu 2001.

Mlendo ayenera kudziwiratu kuti si paliponse pamene adzalowa. Ku Guruvayur ndi ku Padmanabhaswamy mumzinda wa Thiruvananthapuram amalola Ahindu okha, ndipo amuna amavula malaya n'kumanga nsalu ya mundu m'chiuno. Nkhani ya amene angalowe ndi amene sangalowe ili ndi mbiri yowawa, imene timabuku ta alendo timaidumpha. Mpaka zaka 100 zapitazo anthu a mitundu yonyozedwa sankaloledwa ngakhale kuyenda m'misewu yozungulira kachisi wa ku Vaikom. Zionetsero za mu 1924 ndi 1925 zinali za misewu imeneyo, ndipo E. V. Ramasamy, amene Atamil amamutcha Periyar, anachoka kwawo kudzamangidwa nawo. Zitseko za akachisi a boma la Travancore, ufumu wakale wa kummwera kwa Kerala kumene kunali Vaikom, zinatsegukira Ahindu onse mu 1936, mfumu Chithira Thirunal italengeza. Kuphunzira za madenga okongola aja osaphunzira zimenezi, kwa ine, n'kuwerenga theka la tsamba.

Tsopano za m'mbale. Mbali zonse ziwiri chakudya chenicheni ndi mpunga, ndipo pa phwando amapakulira pa tsamba la nthochi, kudya kwake ndi dzanja lamanja. Kusiyana kuli mu mafuta ndi mu chowawasa. Mtamil amaphikira mafuta a chitowe, mbewu yopirira dzuwa, ndipo msuzi wake amauwawasitsa ndi bwemba. Mmalayali, munthu wa ku Kerala, kokonati ndiye zonse: mafuta, mkaka wake, ndi zopalapala zothira m'ndiwo zamasamba monga avial. Nsomba amaziwawasitsa ndi chipatso chouma chakuda chotchedwa kudampuli. Idli ndi dosa, zimene anthu ambiri amazidziwa, zimachokera ku phala limodzi la mpunga ndi nyemba zing'onozing'ono za urad, loperedwa ndi kusiyidwa usiku wonse kuti lisase. Idli amaphika ndi nthunzi, dosa amathira pachiwaya. Ku Kerala m'mawa mumapeza puttu, ufa wa mpunga ndi kokonati wophikidwa ndi nthunzi m'chitsulo chonga nsungwi, kapena appam, chitumbuwa cha mpunga cha m'mbali mopyapyala. Phwando la zokolola nalo limatsata mvula: Onam wa ku Kerala amachitika cha mu Ogasiti kapena Seputembala, Pongal wa Atamil pakati pa Januwale.

Tsabola wofiira amene timaganiza kuti ndi wa Amwenye enieni ndi mlendo. Wawo weniweni ndi tsabola wakuda wa m'mapiri a Kerala, amene anakoka Vasco da Gama kudutsa pa chilumba cha Mozambique ndi ku Malindi wa ku Kenya mpaka kukafika pafupi ndi mzinda wa Calicut ku Kerala mu 1498. Apwitikizi ndiwo anabweretsa wofiira uja kuchokera ku America. Chinangwa nachonso n'chobwera, mfumu Visakham Thirunal ya ku Travancore inachilimbikitsa m'zaka za m'ma 1880 pothana ndi njala, ndipo lero kappa, dzina lawo la chinangwa, wophika ndi nsomba ya msuzi wofiira ndi chakudya chonyadira cha ku Kerala. Wa ku Nkhata Bay sangafunse kadyedwe kake.

Sambar, msuzi umene umaperekeza pafupifupi chilichonse ku Tamil Nadu, ndayesa kuphika ndekha, chifukwa zofunika zake zili pamsika wathu. Ndi nandolo wouma wochotsa makoko, amene iwo amati toor dal, wophikidwa mpaka kuphwanyika, kenako madzi a bwemba, mabiringanya kapena therere, tsabola, ndi njere za mpiru zokazingidwa m'mafuta mpaka zithetheke. Nandolo wambiri wa alimi a ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo amagulitsidwa ku India, ndipo mtengo wake kuno umakwera kapena kugwa malinga ndi mmene mvula yagwera kumeneko.