Sabata imene komiti inafuna seva ya ma core 24

Ntchito yanga ndi kusamalira makompyuta m'maofesi ang'onoang'ono a kuno ku Thyolo ndi mbali ina ya Mulanje: masukulu, ma SACCO ndi magulu a alimi. Sabata yathayi pafupifupi yonse inathera pa ofesi imodzi, ya gulu la alimi ang'onoang'ono a tiyi kupitirira Makwasa, ndipo nkhani yake inali ya purosesa, kachipangizo kamene kamachita mawerengero onse mkati mwa kompyuta.

Pa ofesipo pali kompyuta imodzi imene aliyense amaitcha seva, ngakhale ndi desktop wamba ya Core i5 yakalekale. M'menemo ndi mmene mumasungidwa makilo a masamba amene mlimi aliyense wapereka pa sikelo, ngongole za feteleza, ndi mndandanda wa malipiro opita pa Airtel Money ndi Mpamba mwezi ukatha. Makalaliki 6 amalumikizidwa kwa iyo. Imayenda pa Windows 10, imene Microsoft inasiya kuisamalira pa 14 October 2025, ndipo purosesa yake ndi yakale moti Windows 11 siilola. Komiti inavomereza kugula ina mvula isanayambe, chifukwa kuyambira December mpaka April tiyi amaphuka kwambiri ndipo makalaliki sapuma.

Lolemba ndinapeza makotesheni awiri pa tebulo la mayi msungichuma. Ina inali ya seva yakaunjika yochokera kwa wogulitsa wina ku Blantyre: Dell PowerEdge R730, yokhala ndi mapurosesa awiri a Xeon E5-2680 v3, iliyonse ma core 12 (core ndi kagawo ka purosesa kogwira ntchito pakokha), ndi RAM (mosungira zimene kompyuta ikugwirapo ntchito panthawiyo) yokwana 128GB. Inayo inali ya desktop yatsopano yomanga pa shopu ku Limbe, ya Core i9-14900K, nayonso ma core 24. A Tcheya mtima wawo unali pa yoyambayo, chifukwa ndi seva yeniyeni, yachitsulo cholemera, ya mtundu umene anaonapo kubanki. Kalaliki wamkulu, mnyamata wokonda makompyuta, ankafuna i9 chifukwa ndi yatsopano.

"Achimwene, apa 24, apanso 24," anatero a Tcheya akuloza mapepalawo. "Ndiye tingotenga yotsika mtengoyo?"

Ndinawapempha kuti andidikire mpaka komiti ikumane Lachisanu.

Lachiwiri ndinakhala pambali pa makalaliki kuyambira m'mawa, ndikungoyang'ana mmene kompyuta yakaleyo ikugwirira ntchito. Pulogalamu yawo imasunga deta mu SQL Server Express, imene ndi yaulere koma ili ndi malire amene Microsoft inaika: siigwiritsa ntchito ma core opitirira 4, siidutsa soketi imodzi (malo okhalapo purosesa imodzi), ndipo pa mtundu umene iwo ali nawo database imodzi siingakule kuposa 10GB. Kutanthauza kuti pa seva yakaunjika ija purosesa yachiwiri yonse ikanangokhala ikudya magetsi, ndipo pa yoyambayo ma core 8 akanakhala opanda chochita. Ndinapempha kalaliki wamkulu kuti atulutse lipoti la malipiro a mwezi wathunthu, limene amadandaula kuti limachedwa. Core imodzi inakwera, zinazo zili phee, ndipo hadi disiki inali pa 100 peresenti nthawi yonseyo. Chimene chinkachedwetsa lipoti makamaka ndi disiki yakale yozungulira ija ndi RAM yochepa. Pa mbali ya purosesa, ntchito yotere imafuna core yothamanga, osati ma core ambiri, ndipo Xeon imeneyi ndi ya 2014, yoyenda pa 2.5GHz. Core imodzi ya purosesa wamba ya masiku ano imaisiya kutali.

Sindikunyoza mapurosesa a seva ayi. Munthu akagula Xeon yaikulu kapena EPYC ya AMD amalipirira zinthu zenizeni. Purosesa ya desktop imalankhula ndi RAM kudzera m'njira ziwiri zokha, pamene Xeon E5 ija ili ndi njira 4 ndipo EPYC za 9004 zili ndi 12. Mizere ya PCIe yolumikizira madisiki ndi makadi a netiweki pa desktop imangopitirira 20 pang'ono, pamene EPYC ili ndi 128. Mapurosesa awiri amatha kukhala pa bolodi limodzi n'kugawana ntchito. Zonsezi n'zofunika pamene anthu mazanamazana akulowa nthawi imodzi, kapena pamene makina amodzi akunyamula makompyuta ambiri ongoyerekezera mkati mwake. Sukulu ina itandipempha kuti labu ya ana 30 iziyendera makina amodzi, R730 yomweyo ndikhoza kuiganizira mofatsa. Koma kwa makalaliki 6 ndi database yosafika 10GB, kuli ngati kubwereka lole ya matani 30 kukatenga dengu limodzi la tiyi.

Lachitatu ndinakwera minibasi kupita ku Blantyre ndi kamita kanga koyezera mawati. Wogulitsayo ndi munthu wabwino, anandilola kuyatsa sevayo ndi kuiyeza. Itangoyaka mafani anabangula moti tinasiya kaye kulankhula, kenako anatsika n'kukhala pa phokoso losalekeza. Makina otere anapangidwira chipinda chawochawo chozizira, chotseka. Ku ofesi kwathu kuja seva imakhala pakona, kuseri kwa mpando wa mayi msungichuma, m'chipinda chopanda choziziritsira, momwe fumbi la mumsewu limalowa m'chilimwe ndipo chinyontho chimalowa chiperoni chikagwa.

Kamita kanaonetsa mawati pafupifupi 140 makina asakuchita kanthu. Apa ndi pamene nkhani yonse inatembenukira. Ofesiyo ili ndi sola yaing'ono, inveta, ndi mabatire awiri a 12V 200Ah. Pa pepala ndi 4,800Wh, koma mabatire a mtundu umenewu ukamawakhetsa kupitirira theka amafa msanga, ndiye zogwiritsa ntchito ndi 2,400Wh. Gawani ndi 140, mupeza maola 17, musanachotse zimene inveta imataya, musanawerenge rauta, printa ndi malaputopu a makalaliki. Kunja kukachita mitambo masiku awiri otsatizana, monga zimakhalira kuno, mabatire sadzaza n'komwe. Seva yaing'ono yoimirira ya purosesa imodzi, yonga imene ndinaiyezapo pa ofesi ina, imadya mawati a m'ma 40. Mabatire omwewo angaisunge nthawi yotalika katatu ndi kupitirira.

Amene tili m'chigawo cha kummwera sitifunika kukumbutsidwa chifukwa chake masamu amenewa ali ofunika. Namondwe wa Ana ataononga damu la Kapichira mu January 2022, dziko linataya pafupifupi 130MW kwa nthawi yopitirira chaka. Freddy atabwera mu March 2023, mapolo anagwa ndipo misewu inaduka ku Mulanje, Phalombe ndi kuno ku Thyolo. Tiyi sadikira magetsi. Wathyoledwa lero, ayenera kuyezedwa ndi kupita kufakitale lero lomwelo, ndipo makilo ake alembedwe. Seva ikazima mwadzidzidzi database ili pakati polemba, ndi pamene mafayilo amaonongeka.

Panalinso nkhani ya laisensi, imene pa kotesheni sinalembedwe. Windows Server Standard imagulitsidwa powerenga ma core, ndipo laisensi yoyambira imakwanira 16. Makina a ma core 24 akanafuna kuonjezera ya 8 ena, kulipirira ma core omwe pulogalamu yawo siingawakhudze. RAM ya R730 ija ndi ya mtundu wa registered, imene siilowa m'makompyuta wamba, ndipo pawa sapulayi yake ndi yakeyake. Ikapsa, simungaipeze pa shopu iliyonse ku Limbe.

Pobwerera, tikudutsa Bvumbwe, maganizo anga anali atapendekera ku desktop. Koma Lachinayi nditakhala pansi ndi kotesheni ya i9 ija, nayonso inandikanika.

Choyamba ndi magetsi omwewo. Intel yokha imalemba kuti purosesa imeneyi ikathamanga mokwanira imafika mawati 253, ndipo imafuna choziziritsira chachikulu. Pa ma core 24 aja, 8 okha ndiwo amphamvu, 16 enawo ndi ang'onoang'ono osunga magetsi. Komanso mu 2024 Intel inavomereza kuti mapurosesa ena a desktop a m'badwo wa 13 ndi 14 ankaonongeka pang'onopang'ono chifukwa cha voteji yokwera, inatulutsa zokonza zolowetsa mu BIOS (pulogalamu ya pa bolodi yoyatsira kompyuta) ndipo inaonjezera waranti ndi zaka ziwiri. Vutolo linakonzedwa, koma kubweza purosesa pa waranti uli ku Thyolo si nkhani ya sabata imodzi.

Chachiwiri, chimene ndimachiona chachikulu, ndi ECC. RAM imasunga chilichonse ngati 0 ndi 1, ndipo nthawi zina kachidutswa kamodzi kamatembenuka kokha, chifukwa cha kukalamba kwa RAM, kutentha kapena cheza chochokera kuthambo. RAM ya ECC imakhala ndi tizidutswa toonjezera toyang'anira tinzake. Kamodzi kakatembenuka imakakonza pomwepo n'kulemba mu logi, tiwiri tikatembenuka imazindikira n'kuchenjeza. RAM wamba siidziwa kanthu. Ndinamuonetsa kalaliki wamkulu pa pepala: nambala 48 kompyuta imailemba 110000. Kachidutswa koyambako kakatembenuka, yasanduka 16. Mayi amene anathyola makilo 48 m'mame alipidwa a 16, kompyuta siizima, siilira, ndipo nambala yolakwikayo imalowa mu database n'kukoperedwa mu bakapu usiku womwewo.

Ndinamuuzanso zoona zake, kuti zimenezi sizichitika kawirikawiri. Zolakwika zambiri pa ofesi ngati iyi zimachokera pa cholembera cha kusikelo, pa chala cha wolowetsa manambala, ndi pa kuzima kwa magetsi. Komabe zolakwika zimenezo zimasiya mapazi, munthu amatha kubwerera ku risiti n'kupeza pamene zinapotokera. Cholakwika cha RAM sichisiya phazi, ndipo wonamiziridwa kuba amakhala kalaliki. Pa makina amene amayaka usana ndi usiku atanyamula ndalama za anthu, ine ECC sindiisiya. Purosesa ya i9 ija imatha kugwira ndi ECC, koma pokhapokha pa bolodi la chipset ya W680, ndipo la pa kotesheni linali lamasewera. Ma Ryzen ambiri nawonso amalola ECC, koma zimadalira bolodi, ndipo sindikanafuna kuyesera mwayi ndi ndalama za alimi.

Choncho Lachisanu ndinapita ku komiti ndi kotesheni yachitatu: seva yaing'ono yoimirira, yatsopano, ya Xeon E-2334. Ili ndi ma core 4, imayamba pa 3.4GHz n'kufika 4.8GHz, ndipo ndi ya mawati 65. Mkati mwake ndi m'bale wa mapurosesa a desktop a Core a m'badwo wa 11, kungoti imagwira ndi ECC ndipo imakhala pa bolodi lopangidwira kuyaka osazima. Ndinaikapo RAM ya 32GB, ma SSD awiri (madisiki othamanga, osazungulira) olemba zofanana kuti imodzi ikafa inzake ipitirize, ndi Windows Server 2022 Essentials, imene imalola anthu 25 ndi ma core osapitirira 10 popanda kugula laisensi ya munthu aliyense payekha. Ilinso ndi kachipangizo koyang'anira makina uli kutali, kamene kamagwira ntchito ngakhale Windows itakana kudzuka. Ndikhoza kuona kutentha, kuwerenga logi ya RAM ndi kuiyatsanso ndili ku Luchenza, m'malo mofunafuna kabaza pa msewu wamatope mu February.

Mkangano unalipo. A Tcheya anagwira pepalalo nthawi yaitali.

"Achimwene, mukutiuza kuti tisiye 24 titenge 4, ndiponso tilipire zambiri?"

"Inde bambo. Pulogalamu yathu imadziwa kugwiritsa ntchito 4 basi. Enawo tikanangowadyetsa mabatire."

Mayi msungichuma funso lawo linali lolemera kuposa pamenepo. Seva yakaunjika ili kale ku Blantyre, mawa lomwe ikhoza kufika. Yatsopanoyi iyenera kuitanitsidwa kunja, ndalama zakunja zikuvuta, ndipo chichokereni kutsika kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, kotesheni ya katundu wakunja siikhalitsa. Anafunsa kuti mtengo ukakwera katundu ali m'njira, adzalipira ndani. Pamenepo ndinalibe chowatsutsa, chifukwa ananena zoona. Tinagwirizana kuti wogulitsa alembe mtengo wokhazikika ndi tsiku lofikitsa katundu tisanapereke dipoziti, ndipo akakana, tifunse kwa wina.

Bambo wina wachikulire wa m'komiti, amene sanalankhule chiyambire, anafunsa ngati makina atsopanowo adzaletse makilo kusowa. Ndinawayankha kuti adzatseka khomo limodzi lokha mwa makomo amene makilo amasowera, ndipo kuti ena aja ndi a kusikelo ndi a m'mabuku, amene komiti yomweyo iyenera kuwayang'anira. Anagwedeza mutu, ndipo povota anakweza dzanja limodzi ndi anzawo.

Podikira katunduyo, kompyuta yakale iyenera kupirira. Loweruka m'mawa ndinaichotsa fumbi, ndinasamutsira zonse pa SSD, ndinaonjezera RAM kufika 16GB, ndipo lipoti la malipiro lija linatuluka kalaliki wamkulu asanamalize kuthira shuga mu tiyi. Ndinaitsekera intaneti kupatula zimene pulogalamu ya malipiro imafuna, popeza Windows yake siilandiranso zotchinjiriza. Bakapu tsopano ikupita pa madisiki awiri akunja osinthanasinthana, imodzi izigona kunyumba kwa mayi msungichuma. Mabatire nditawayeza ndinapeza kuti limodzi layamba kufooka, ndipo ndalemba kalata yoti komiti iikepo ndalama pa msonkhano wa mwezi wamawa, seva yatsopano isanafike.