Sabata imene thiransifoma inakana kuyaka

Lolemba m'mawa ndinapeza anzanga pa sabusiteshoni atagwirizana kale kuti relay, chipangizo chimene chimalondera thiransifoma n'kulamula kuti magetsi adulidwe pakakhala vuto, yapenga. Thiransifoma yathu ya 33/11 kV inali itangokonzedwa kumene, koma atangoipatsa magetsi, breaker, swichi yaikulu ya pa laini, inatiripa n'kudula magetsi pasanathe ndi sekondi yomwe. Zigayo za pamsika zinali zii, foni ikungolira.

"Achimwene, tingoyesanso kamodzi," anatero mnzanga wina.

Ndinakana. Pagalasi la relay panali patalembedwa 87, nambala ya chitetezo chimene chimayerekeza magetsi olowa mu thiransifoma ndi otuluka. Akasiyana kwambiri, ndiye kuti mwina mkati mwapsa, ndipo kuyatsanso thiransifoma yotero n'kufuna kuiphulitsa. Tinayang'ana Buchholz, chipangizo chimene chimakola mpweya wotuluka m'mafuta a thiransifoma ikapsa mkati, simunali mpweya. Tinapima mawaya a mkati, onse anali bwino. Apo m'pamene ndinakhala pansi ndi laputopu n'kukoka fayilo ya COMTRADE, momwe relay imasunga zonse zimene inaona panthawi ya vuto.

Relay yamakono siona magetsi a pa laini mwachindunji. Kathiransifoma kopimira kotchedwa CT kamatsitsa ma amp mazanamazana kufika pa 1 amp, kena kotchedwa VT kamatsitsa volteji kufika pa 110. Zikalowa mu relay, zimayamba zadutsa pa sefa yochotsa mafunde othamanga kwambiri, chifukwa akapanda kuchotsedwa amadzaoneka ngati mafunde ena abodza popima. Kenako relay imapima mobwerezabwereza n'kusandutsa muyeso uliwonse kukhala nambala. Magetsi athu ndi a 50 Hz, kutanthauza mafunde 50 pa sekondi, choncho funde limodzi limatha m'mamilisekondi 20, ndipo m'kanthawi kameneko relay yathu imapima ka 32. Pa sekondi ndi miyeso 1,600 pa waya aliyense. Manambala amenewa imawapeta ndi masamu a Fourier, monga mayi amapetera chimanga m'lichero: funde lenileni la 50 Hz mbali ino, la 100 Hz ndi enawo mbali iyo. Ikatero m'pamene imagamula zotiripitsa kapena ayi.

Pa sikirini panaoneka mafunde opendekera mbali imodzi, okwera ngati zulu zotsatizana, pansi pake pali see. Aliyense amene wagwirapo ntchitoyi amawadziwa. Thiransifoma ikamayatsidwa, chitsulo chake cha mkati chimakoka magetsi ochuluka kwa kanthawi, ndipo amalowa mbali imodzi osatulukira inayo. Kwa 87 zimenezi zimafanana ndi kupsa kwa mkati. Chosiyanitsa n'chakuti magetsi oterewa amakhala ndi funde la 100 Hz lochuluka, ndiye relay imauzidwa kuti likapitirira pafupifupi 15 peresenti ya funde lenileni, idikire kaye. Mu relay yathu mbali imeneyi inali yozimitsidwa. Inazimitsidwa poyesa zipangizo panthawi yokonza ija, ndipo siinabwezeretsedwe. Relay inachita ndendende zimene inauzidwa, ndipo zinandipweteka kuti anthu anakhala tsiku lathunthu opanda magetsi chifukwa cha mzere umodzi umene sunawerengedwe. Titakonza, thiransifoma inayaka cha m'ma 4 koloko, n'kuyamba kulira mwakachetechete monga mwa nthawi zonse.

Lachiwiri ndi Lachitatu ndinathera pa kuyesa. Tinalumikiza makina a Omicron, amene amapatsa relay magetsi ofanizira vuto, n'kumaona ngati ikutiripa pa nthawi yake. Ndinayesa mzere ndi mzere, ngakhale imene palibe anaikhudza.

Lachinayi ndinali ndi mtsikana wa ku koleji amene akuphunzira ntchito kwathu. Ndinamuona akutambasula dzanja ndi sikuludiraiva kuti amasule waya wa CT laini ili yamoyo. Ndinamugwira pamkono. "Achemwali, imani kaye. Waya ameneyu sitimasula tisanalumikize mbali zake ziwiri." CT ikasiyidwa yotseguka magetsi akuyenda, imatulutsa volteji yoti ikhoza kupha munthu pomwepo. Ndinamuonetsa poika kolumikizira, anaika yekha katatu mpaka dzanja linaleka kunjenjemera. Madzulo ake kunagwa mvula ya mphepo, nthambi inakhudza laini ya 11 kV. Chitetezo cha 51N chinaona magetsi akuthawira pansi, breaker inatiripa, 79, mbali ya relay yobwezera magetsi pa laini, n'kuyatsanso yokha patapita masekondi ochepa. Kumudzi anangoona mababu akuphethira.

Lachisanu, ndikulemba lipoti, kunabwera madala ena amene anagwira ntchito ndi ma relay akale aja a kambale ka aluminiyamu kozungulira. Anati masiku amenewo ukafika pamalo unkangopeza kambendera kofiira katagwa, zina zonse n'kumaganizira wekha. Ndinawatsegulira fayilo ya Lolemba ija. Anavala magalasi, n'kulondola mafunde aja ndi chala mpaka pamene breaker inatsegukira, kenako anandipempha kuti ndiwaonetsenso ya nthambi ija.