Mbiri ya moyo wanga, gawo 11: Singano za ku Cyrildene

Zikomo nonse amene munalemba pa gawo lapita lija, makamaka inu amayi a ku Mzuzu amene munati munalira. Ndipitirize.

Bambo a ana atachoka, zaka ziwiri zinatha ndikuluka tsitsi ku Johannesburg, m'mawa mpaka usiku. Kenako dzanja lamanja linayamba kuchita dzanzi. Usiku ndinkadzuka zala zitatu zikuyaka ngati ndagwira khala, m'mawa kapu ya tiyi inkandipulumuka. Achemwali anga anati wina wandiponda pantchito, ndipite kumudzi akanditemere mphini.

Amene ananditengera ku Cyrildene, kumene kuli mashopu a Matchaina mu Derrick Avenue, ndi mayi wa Chitchaina uja ndinkagulako mawigi. Dokotala wake anali nkhalamba yochepa thupi. Anandigwira pamkono kumvetsera kugunda kwa magazi, nandiuza nditulutse lilime. Pakhoma panali chithunzi cha munthu wamaliseche, thupi lonse mizere ndi timadontho. Mayi uja ndi amene ankamasulira: kwawo amati m'thupi mumayenda mphamvu yotchedwa qi, m'njira zikuluzikulu 12, ndipo 6 mwa izo zimadutsa m'mkono kukafika kuzala, monga ya mapapo, ya mtima ndi ya matumbo. Njirayo ikatsekeka ndiye ululu. Timadontho tija, 361, ndi pobaya singano.

Dokotalayo atandigwira pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, pamalo amene amati Hegu, anaima kaye. Anafunsa ngati ndili ndi pakati, chifukwa pamenepo sabaya mayi woyembekezera.

Abale anga, chipitireni padera palibe munthu anali atandifunsapo funso limeneli. Ndinayang'ana dzanja langa lili m'manja mwa mlendo, pakamwa pakuuma. Ndinafuna kunena kuti ayi, koma mawu anakana. Misozi inagwera pa thaulo limene anayala pansi pa mkono wanga. Nkhalambayo sinandifulumize, inangodikira osasiya dzanja, mpaka ndinapukusa mutu.

Singanozo n'zoonda ngati tsitsi, sizili ngati za jakisoni. Polowa sindinamve kanthu, koma ataipotokola pang'ono dzanja linalemera, kuwawa kwake kozizira kukukwera kuchigongono. Iye anasangalala, ati ndiye kuti qi yafika. Anabaya ina pamwamba pa mfundo ya dzanja, pa Neiguan, ndi zina m'mipata ya zala. Ndinakhala choncho mphindi 20.

Tsopano kwa inu achimwene amene munalemba kuti Mkhristu sapita kwa sing'anga wa Chitchaina: panalibe nsupa, panalibe kuombeza, singano anazitulutsa mu paketi yomata ine ndikuona. Ndipo miyezi imene ndinkalephera kugwira chipeso ija, lendi simunandilipirireko.

Sindikunamizani kuti ndinachira. Ndinapitako kasanu ndi kamodzi, ndipo kwa milungu ingapo ndinagona tulo osadzuka ndi moto uja. Dzanzi linabwerera nditayambanso kuluka tsiku lonse. Kuchipatala anadzandiuza kuti mtsempha wapanikizika pa mfundo ya dzanja chifukwa cha ntchito, nandipatsa chomangira chovala usiku. Za qi anangomwetulira. Ine sindinatsutsane ndi aliyense wa iwo.

Gawo lotsatira ndikuuzani mmene achemwali anabwerera ndi kabotolo ka mankhwala kochokera ku Mulanje, ndi zimene zinachitika pa Park Station, pokwerera mabasi ndi sitima mu Johannesburg, tsiku limenelo.