Ndasankha gondolosi m'malo mwa magalagadeya

Ndazula magalagadeya amene anayanga pampanda wa kuseri kwa nyumba, chifukwa masamba ake anali atakwinyika ndi kuchita mawanga achikasu, ndipo zipatso zinkatuluka zolimba, za khungu lochindikala, zopanda madzi mkati. Matendawa amafalitsidwa ndi nsabwe za zomera ndipo alibe mankhwala, choncho kubwezerapo mbewu yomweyo kukanakhala kutaya nthawi.

Abale ena anandiuza kuti ndidzale Bougainvillea, koma duwali, monganso magalagadeya, kwawo ndi ku South America, pamene ine ndikufuna chomera chathu cha kuno. Chitedze chili ndi maluwa okongola ndithu, koma sindingachiike pamalo amene ana amasewera.

Ndasankha gondolosi, amene akatswiri amamutcha Mondia whitei. Ambiri timangodziwa mizu yake yogulitsidwa m'misika, osadziwa kuti ndi chomera choyanga cha masamba aakulu obiriwira, chimene chimamasula maluwa m'magulumagulu ndipo chimakonda nthaka yachinyontho ndi kamthunzi. Chimandipweteka mtima n'chakuti m'nkhalango akusowa chifukwa anthu amamukumba ndi mizu yomwe. Amene muli ndi mbande kapena njere zake, chonde ndidziwitseni mvula yodzalira isanagwe.