Roketi yathu ya botolo inakagwera pa denga la aneba

Ine sayansi ndinaphunzira ya pa bolodi basi. Aphunzitsi ankajambula chibwalo chachikulu ndi choko nkunena kuti ili ndi dzuwa, kenako timadontho 9 pamzere, ife nkumaloweza mayina ngati ndakatulo, Mercury, Venus, Earth, Mars mpaka Pluto amene anadzamutsitsa udindo mu 2006. Mayeso ndinakhoza bwinobwino, koma mukanandigwira dzanja usiku nkunditulutsa panja kuti aise tatilozera Mars ali pati, ndikanangokanda m'mutu. Ndinakula ndikuganiza kuti mapulaneti amakhala m'buku, kumwambaku ndi nyenyezi basi.

Ndiye mu July 2018 ndinali kumudzi ku Dedza, kuzizira kwake mukukudziwa kale. Ndinaona pa foni kuti usiku wa pa 27, Lachisanu, kukhala kadamsana wa mwezi, wautali kuposa wina aliyense m'zaka 100 zino, mwezi ukhala mumdima wathunthu ola limodzi ndi mphindi 43. Ndinakabwereka bainokyula kwa alamu anga amene amalondera pa famu, yakale ndithu, lenzi imodzi yokandika, chingwe chake cha nsanza. Anandiuza kawiri konse kuti alamu mukandiphwanyira mulipira. Ndinauza ana a achemwali anga atatu okha kuti asagone msanga, koma mukudziwa za ana, pofika 7 koloko pabwalo panali ana oposa 20, ena atafunda zitenje za amayi awo, ena atanyamula mbatata yootcha.

Agogo nawo anatuluka ndi kampando kawo. Kumadzulo kunali nyenyezi yowala kwambiri ija imayamba kuoneka dzuwa likangolowa, ndiye agogo anayamba nthano yawo yoti mwezi ndi wamitala, uli ndi akazi awiri. Wakumadzulo amaphika bwino ndiye mwezi ukakhala kwa iye umanenepa tsiku ndi tsiku, wakum'mawa uja, nthanda, ndi waulesi, mwezi ukapita kumeneko umawonda mpaka kutheratu. Ana kuseka. Ine ndinati agogo pepani, akazi awiriwo ndi munthu mmodzi, ndi Venus yemweyo, miyezi ina amaoneka madzulo miyezi ina m'bandakucha malinga ndi mbali ya dzuwa imene ali. Agogo anangoti ndiye kuti mkaziyo ndi wochenjera kwambiri, akudya pawiri. Sindinawatsutsenso. Ndipo kunena zoona nthano yawoyo ili ndi diso, mwezi watsopano umaonekeradi kumadzulo nkumakula, wokalamba umathera kum'mawa, anthu akale ankayang'ana kumwamba kuposa ife a ma satifiketi.

Itangodutsa 8 koloko mwezi unayamba kudyeka mbali imodzi. Apa mpamene ndinaona kuti kulongosola ndi pakamwa sikukuthandiza, ndikati mthunzi wa dziko ana akungondiyang'ana. Ndinatenga tochi nkupatsa mnyamata wina kuti iwe ndiwe dzuwa, usasunthe. Mpira wachikulunga unakhala dziko, ndimu inakhala mwezi. Kamtsikana kena ka sitandade 5 kanagwira ndimuyo nkumazungulira nayo pang'onopang'ono, itangolowa kuseri kwa mpira inada bii, kenako kanakweza mutu nkuyang'ana mwezi weniweni, nkuyang'ananso ndimu, nkukuwa kuti ankolo ndiye kuti chakudacho ndi ifeyo! Eeh. Ine zaka zonse za kusukulu sindinaganizepo choncho, kuti mthunzi uli apowo ndi wathu, wa dziko lomwe tapondali, ndipo m'mphepete mwake ndi mokhota ngati m'mbali mwa lichero, umboni woti dziko ndi lozungulira uli pamaso pako osafuna buku.

Cha m'ma hafu pasiti 9 mwezi wonse unafiira ngati njerwa yootcha. Azimayi ena anayamba kupemphera, agogo anangoti zii. Kufiirako nkuti kuwala kwa dzuwa kumadutsa mumpweya wozungulira dziko nkupindika, ndipo kumene kumakafika pa mwezi ndi kofiira kokha, kufiira komwe kuja timaona dzuwa likamalowa. Chapafupi pomwepo panali kanyenyezi kofiiranso kowala zedi, ameneyo ndiye anali Mars, ndinamuloza koyamba m'moyo wanga ndili bambo wandevu. Ndipo poti mwezi unali utazilala, mlalang'amba unatulukira kuchokera uku mpaka uko ngati wina wamwaza ufa.

Bainokyula ija inavuta chifukwa manja amanjenjemera, kuzizira komanso kulimbirana. Tinagubuduza mtondo nkuuimika chadodolido, nkutsamiritsa bainokyula pamenepo, aliyense agwade aone. Pa mwezi ankaona zigamba zakuda zija bwinobwino. Koma chimene chinawasokoneza mitu ndi Jupiter, chifukwa ukagwira mosagwedeza umaona timadontho tating'onoting'ono pambali pake tili pamzere. Imeneyo ndi miyezi yake, ikuluikulu ilipo 4, Io, Europa, Ganymede ndi Callisto, Galileo anaiona mu 1610 ndi telesikopu yoti mwina bainokyula ya alamu angayi ikuiposa pena. Mnyamata wina anaumirira kuti ndi fumbi la pa galasi, anapukuta ndi malaya, kuyang'ananso, timadontho tili pompo. Ndinamusiya apukute kachiwiri, ndimo mmene munthu amakhulupirira.

M'mawa mwake ana omwe aja ali pakhomo, ankolo anthu anapita bwanji kumwezi, pa ndege? Mwezi uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 384,000 ndipo kumeneko kulibe mpweya woti mapiko a ndege agwire. Ndinawauza za Apollo 11, kuti inanyamuka pa 16 July 1969, pa 20 Neil Armstrong ndi Buzz Aldrin nkutera pa mwezi, mnzawo Michael Collins atatsala m'chombo akungozungulira, ndipo roketi yawo Saturn V inali yaitali mamita 110, kuposa bwalo la mpira mutaliimika. Nkhope zawo zinabwereranso zija za m'kalasi, kumvetsera mwaulemu koma osalowa. Ndiye ndinati tiyeni tipange yathu.

Zofunika zake nzosavuta, botolo la pulasitiki la malita 2, pampu ya njinga, valavu ya chubu chakutha, ndi chotsekera. Chotsekeracho ndiye chinatidyera nthawi. Tinayesa chitsononkho, madzi ankangochucha. Tinadula patapata wakale nkusema kachidutswa kozungulira, kubowola pakati ndi msomali wamoto nkulowetsa valavu, apo zinagwira. Zipsepse tinadula pa katoni nkumata ndi selotepi. Madzi osadzaza, gawo limodzi mwa magawo atatu basi, botolo nkulizondotsa pakati pa njerwa, kenako kupopa. Mpweya ukachuluka mkatimo chotsekera chimafwamphuka, madzi amathamangira pansi, botolo limathawira kumwamba. Ndi lamulo lachitatu la Newton lomwe lija ndinaloweza ku sekondale osalimvetsa, ukakankha chinthu nachonso chimakukankha, roketi zenizeni zimangosiyana poti zimalavula moto m'malo mwa madzi.

Ulendo woyamba inangogwa chammbali nkunyowetsa wopopa thupi lonse. Wachiwiri inakwera mwina kufika pa msinkhu wa mtengo wa mango. Apa ana anayamba okha kukangana, wina akuti tiwonjezere madzi, wina akuti ayi ikulemera tichepetse, wina akuti zipsepse zapendekeka, ine ndinangokhala pa njerwa nkumawaonera, ankayesa chimodzichimodzi nkumakumbukira kuti yapita patali ndi iti. Palibe anawauza kuti zimenezo ndiye ma experiment. Wachisanu ndi chimodzi inapita ndithu, phwiii, nkukhotera kwa aneba, nkukagwa pa malata phwaa, nkhuku balala, mayi ake a nyumbayo kutuluka ndi chipande m'manja akufunsa kuti akugenda ndani. Ndinapita ndekha kukapepesa, amayi pepani ndi ine ndayambitsa. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi nkunena kuti bambo wamkulu ngati inu kuseweretsa mabotolo. Kenako anati tabwerezani ndione. Anaonerera maulendo atatu nsima ili pamoto.

Pali mkulu wina wa ku Zambia, Edward Makuka Nkoloso, mphunzitsi wa sayansi, amene mu 1964 ankati atumiza anthu ake kumwezi ndi ku Mars, ankawalowetsa mu mgolo nkuwagubuduza pa chitunda kuti azolowere. Anthu amamuseka mpaka lero ndipo inde zina zinali zoseketsa, koma ine chichitikireni za botolo zija sindimusekanso kwambiri. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu nayenso ankatchedwa wamisala akutoleza zitsulo kudzala kuti apange makina a mphepo opangira magetsi. Chimene chimandiwawa nchoti timangoti masukulu athu alibe labu ndiye basi sayansi ikhale ya manotsi, pomwe mdima wabwino woonera nyenyezi umene anthu a ku London amaulipirira ulendo ife tili nawo ulele kuseri kwa khola. Labu ikufunika, sindikukana, koma ndimu ndi tochi sizidikira bajeti.

Pano ndikapita kumudzi ndimayamba ndaona pa foni nthawi imene International Space Station, chombo chachikulu cha m'mlengalenga momwe mumakhala asayansi, idutse. Ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400 okha, imazungulira dziko pa mphindi 90 zilizonse, ndipo imaoneka ngati nyenyezi yowala yoyenda mosaphethira, mphindi zochepa yapita. Ndikawauza kuti muli anthu mmenemo ana amaibayibitsa, agogo amati ndi bodza. Kamtsikana ka ndimu kaja pano ndi kamtsikana kakakulu, ulendo wathawu kanandisonyeza paipi ya pulasitiki ndi galasi la mandala a agogo ena omwalira, kakuti kakufuna lenzi ina yaing'ono kuti kapange telesikopu. Ndafunsa kale kwa okonza mawotchi ndi makamera akale mu Lilongwe muno, mmodzi wati ndipiteko Loweruka.